Anakweza amene ndinamuphunzitsa ntchito, ndichoke?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 yemwe amagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina ku City Centre. Akuti atha zaka zingapo pamenepo, koma udindo utapezeka anaupereka kwa mnyamata amene iwo anamuphunzitsa ntchito. Posakhalitsa mayiyu analakwitsa manambala mu lipoti, n'kulandira kalata yowachenjeza. Pano pamsonkhano amangokhala duu. Akufunsa kuti: "Ndingosiya ntchito, kapena nditani kuti anthu azindimveranso?"

Achemwali, tiyambe ndi kalata yokuchenjezani ija, chifukwa ndi imene ingakuvuteni mtsogolo. Musangoipinda n'kuponya m'chikwama. Iyankheni polemba, mwaulemu: vomerani pomwe munalakwitsa, fotokozani chomwe chinachititsa, ndipo nenani zomwe mwakonza kuti zisachitikenso. Sungani kope lanu kunyumba. Lamulo la Employment Act la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito pa chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito, wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chomveka. Sindikuti mukasume ayi. Koma fayilo yanu isakhale ndi mawu a mbali imodzi yokha.

Tsono za udindo uja. Ambirife tinaleredwa kuti pamaso pa akulu munthu sadzitama, ntchito yako idzaoneka yokha. Pakhomo n'zoona. Mu ofesi, bwana amakumbukira amene anaimirira n'kufotokoza lipoti, osati amene anachezera usiku kulilemba. Mnyamata uja mwina sakuposani nzeru, amangooneka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho pemphani nthawi yokumana ndi bwana wanu, osati m'khonde akuthamangira galimoto, ndipo mukafunse chinthu chimodzi: "Bwana, ndikusowa chiyani kuti mpata wotere ukadzapezekanso mudzandiganizire?" Zomwe ayankhe mulembe. Akati ndi mapepala, njira ilipo: mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a maakaunti m'Malawi muno, kapena maphunziro a utsogoleri ku Malawi School of Government ku Kanengo, komwe ambiri timakutchulabe MIM. Akayankha mozungulira, ndiye kuti mwadziwanso china chake cha malo amenewo.

Kulimba mtima sikubwera poyamba kenako n'kulankhula ayi. Kumabwera mukalankhula kangapo n'kuona kuti denga silinagwe. Pamsonkhano wotsatira pitani ndi mfundo imodzi yokha, yokhala ndi manambala amene mwawaonanso kawiri, ndipo muinene kumayambiriro mantha asanakule. Lachisanu lililonse tumizani imelo yaifupi kwa bwana yonena zomwe mwamaliza ndi zomwe zatsala. Wina akatenga ganizo lanu n'kulinena ngati lake, musakwiye, ingonenani kuti, "Zikomo achimwene pokumbutsa mfundo ija ndinatchula Lachiwiri, ndiwonjezerepo pang'ono." Aliyense m'chipindamo amva.

Mnyamatayo musamuyese mdani, ndipo musamujede. Lilongwe ndi yaying'ono. Zomwe mwanena m'minibasi ya ku 25 madzulo, mawa zafika kale mu ofesi. Mukamamuthandiza poyera, akuluakulu amazindikira okha amene ntchitoyo ili m'manja mwake.

Za kusiya ntchito, musachite ndi mkwiyo. Wochoka mwa kufuna kwake salandira ndalama za severance, zija amapatsa munthu akachotsedwa ntchito, ndipo ngati mumalipidwa pamwezi muyenera kupereka notisi ya mwezi wathunthu. Penshoni yanu, 5 peresenti ija amakudulani ndi 10 peresenti ya kampani, ikhalabe yanu, koma sikuti mukaitenga tsiku lomwelo kuti mulipire lendi. Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi mukuchita zomwe tanenazi, uku mukukonza CV yanu mwakachetechete. Zikapanda kusintha, chokani kalata ya ntchito yatsopano ili m'manja, ndipo mukatsanzike bwinobwino kwa bwana wanu, chifukwa kumene mukupitako adzamuimbira foni kufunsa za inu.