Bodi yanga yatsopano ikundikana pamafunde

FUNSO: Akonzi ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndikusewera surf, masewera okwera mafunde a panyanja, pa bodi yaitali ya 7'2" (mafiti 7 ndi mainchesi 2) yomwe ndinagula kwa munthu, yolemera ndithu koma mafunde imagwira osavuta. Chaka chino ndinati nanenso ndikhale ndi yangayanga, ndinapita kwa shaper, wosema mabodi, anandisemera ya 6'0", malita 29, mafini atatu (tizipsepse ta pansi kumchira), yokongola kwabasi. Koma ndikalowa nayo m'madzi mafunde akungondidutsa pansi, ndikupalasa mpaka mapewa kuwawa osagwira kanthu, ndikati ndagwira limodzi bodi ikungofera pakati siyikuthamanga. Ndimalemera makilo 80. Kodi shaper uja anaphonya kapena vuto ndine? Ndiigulitse? — Wokhumudwa

YANKHO: Pepani a Wokhumudwa, zimawawa kudikira bodi masabata angapo kenako ikukukanani, koma musaigulitse kaye chonde. Tiyambe ndi malitawo, muyeso wa kukula kwa thupi lonse la bodi womwe umaonetsa mmene imayandamira, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Bodi ya 7'2" ngati yanu yakaleyo nthawi zambiri imakhala ndi malita 45 kapena kuposa, ndiye mwatsika kufika pa 29 kamodzin'kamodzi, thupi lanu lomwelo la makilo 80. Osema mabodi ambiri amawerengera pogawa malita ndi makilo a munthu, yanuyi ikubwera 0.36, ndipo nambala imeneyo ndi ya anthu amene anazolowera kale bodi yaifupi ndipo amalowa m'madzi pafupifupi daily. Munthu amene akungochoka kumene pa bodi yaitali amapeza bwino pa 0.45 kapena kuposerapo pang'ono, kwa inuyo ndiye malita 36 mpaka 40. Malita akachepa thupi limamira kwambiri, mukamapalasa mukukoka madzi ambiri, funde likufika inu liwiro mulibe, basi likudutsa.

Chachiwiri itembenuzeni bodiyo muiyang'ane cham'mbali muone mmene yapindikira kuchoka kumphuno kufika kumchira, amati rocker. Ikapindika kwambiri imakonda mafunde amphamvu oima chilili, mphuno siilowa m'madzi mukamatsika ndipo imakhota mofulumira. Koma pa mafunde ang'onoang'ono ofooka kupindika komweko kumakankha madzi m'malo motsetsereka pamwamba pake, nchifukwa chake mukuti ikufera pakati. Ine ndikukayika ngati shaper anaphonya, chimene chimachitika kawirikawiri ndi choti timapita kukaoda bodi tili ndi chithunzi cha mafunde otchuka a ku Jeffreys Bay ku South Africa m'mutu pomwe masiku ambiri timasewera pa mafunde ofika m'chiuno, ndipo iye amasema zomwe wauzidwa.

Ndiye pangani izi musanaiweruze. Gonani chakutsogolo pang'ono kuposa mmene munazolowerera, mphuno izingotuluka pamwamba pa madzi pang'ono chabe, ambiri akasintha bodi amagona kumbuyo kwambiri mchira n'kumira ngati buleki. Musadikirirenso mafunde kutali kuja mumakhala ndi yaitali ija, sunthirani mkati pafupi ndi pomwe funde likusweka, yaifupi imafuna funde litaima kale. Mukadzuka phazi lakumbuyo likhale pamwamba pa mafini, ndipo liwiro muzilipanga nokha pokwera ndi kutsika pankhope ya funde, bodi yaitali imakunyamulani yokha koma iyi ayi, imafuna muigwirire ntchito.

Mafini nawo musawaiwale. Kachitidwe ka mafini atatu kameneka anakayambitsa ndi Simon Anderson wa ku Australia mu 1980, ndipo mu 1981 anapambana nako mpikisano wa ku Bells Beach, kwawo komweko, pa mafunde akuluakulu, ubwino wake ndi woti bodi imagwira madzi siiterereka mukakhota mwamphamvu. Koma fini yapakati ija imakokanso madzi. Ngati anakuikirani mafini ochotseka a mtundu wa FCS kapena Futures mutha kuchotsa n'kuyesa yaing'ono pakatipo, kapena ngati pansi pali mabowo asanu yesani mafini anayi, pa mafunde ofooka bodi imamasuka ndithu.

Ipatseni miyezi iwiri itatu ndipo muitulutse tsiku lomwe mafunde afika m'mapewa kapena kumutu, pamenepo mpamene mudziwe chomwe anakusemerani. Mnzanu akujambuleni vidiyo pa foni mupite nayo kwa shaper, mumuuze zoona zokhazokha, kangati pamwezi mumalowa m'madzi, mafunde ake otani, mumagwira angati. Osema abwino amakonda munthu wobwerera chonchi. Ndipo yakale ija musaitaye, masiku a mafunde ang'ono izikhala yomweyo, kapena mtsogolo muno muode yaifupi koma yotambalala ndi yonenepa ngati ya mtundu womwe amati fish, malita cha m'ma 37.

FUNSO: Bodi yanga ndangoitenga kumene koma pamwamba pomwe ndimaponda payamba kale timaenje. Anandipangira yosalimba eti? — Wodandaula

YANKHO: Ayi a Wodandaula, mtima m'malo. Bodi ya fomu ya mtundu wa PU (polyurethane) yokutidwa ndi nsalu ya fiberglass yopyapyala, makamaka ija ya 4 oz (muyeso wa kulemera kwa nsalu), imabonyoka pomwe chidendene ndi bondo zimapanikiza, ngakhale ya akatswiri imatero, ena amakonda kumene chifukwa phazi limapeza pokhala. Osema ambiri amalangiza kuti bodi ikangotuluka kumene idikire sabata imodzi kapena ziwiri resin, guluu womatira nsaluyo, iume bwinobwino, ngati munathamangira nayo kumadzi timaenjeto timabwera msanga. Choti muziyang'ana ndi mng'alu, yendetsani chikhadabo pamalopo, chikakodwa ndiye kuti madzi akulowa, iumitseni ndipo mumate musanalowe nayonso, makamaka ikakhala ya fomu ya mtundu wina wotchedwa EPS chifukwa imamwa madzi mwachangu. Osaisiya padzuwa kapena m'galimoto yotentha, kutentha kumalekanitsa nsalu ndi fomu n'kutupa chithuza, ndipo kukonza kwake nkovuta kuposa timaenjeto. Ulendo wina mukamaoda muuzeni shaper aike nsalu ya 6 oz pamwamba, idzalemerako pang'ono koma idzapirira.