Ana akudziwa nambala yotsatira, koma ya 50 ikuwakanika

Mphunzitsi wina wa Sitandade 6 wandilembera imelo ndi funso ili: "Ndikalemba 4, 7, 10, 13 pa bolodi, kalasi yonse imakuwa kuti yotsatira ndi 16. Koma ndikafunsa nambala ya 50 pamndandandawu, ena amangowonkhetsa 3 mpaka belu kulira, ena amati 150. Ndiwathandize bwanji?"

Aphunzitsi, choyamba musawadzudzule ana amene akuti 150. Iwowa aona kale kuti kuwonkhetsa 3 kambirimbiri ndi kuchulukitsa, ndipo yankho lenileni, 151, aliphonya ndi 1 yekha. Chimene chikusowa ndi kudziwa kumene 1 ameneyu akuchokera, ndipo manambala olembedwa ndi choko sangawaonetse zimenezo. Pafunika chinthu chogwira ndi manja.

Agaweni m'magulu, gulu lililonse mulipatse timitengo ta machesi kapena timapesi todula mofanana. Apange bokosi limodzi: timitengo 4. Alumikize lachiwiri pambali pake: zonse pamodzi 7. Lachitatu, 10. Apa afunseni: bokosi lili ndi mbali zinayi, nanga bwanji tikungowonjezera titatu? Musawayankhire, ngakhale kalasi ikhale chete kwa kanthawi. Wina adzanena kuti khoma limodzi lilipo kale. Mukamva mawu amenewo, auzeni akankhire pambali kamtengo koyambirira kakumanzere. Chotsala ndi timagulu ta titatutitatu, kagulu kamodzi pa bokosi lililonse. Mabokosi 50 ndiye kuti 50 kuchulukitsa ndi 3, kuphatikiza kamtengo kaja: 151.

Padzapezeka mwana woona mwina: bokosi loyamba lili ndi 4, ndipo 49 otsalawo ali ndi atatuatatu, choncho 4 kuphatikiza 147. Nayenso akulondola. Lembani njira ziwirizi pa bolodi ndi mayina a eni ake, anawo akambirane chifukwa chake zikufika pamodzi. Ineyo ndimaona kukambirana kumeneku kukhala kwaphindu kuposa masamu khumi olemba m'kope.

Kuyambira pamenepo, mndandanda uliwonse uzilembedwa m'mizere iwiri. Pamwamba malo: 1, 2, 3, 4. Pansi nambala yake: 4, 7, 10, 13. Ana azolowera kuyang'ana cham'mbali, kuchoka pa 4 kupita pa 7. Inu muwaphunzitse kuyang'ana chotsika: kuchoka pa 2 kufika pa 7 tachita chiyani, ndipo kodi zomwezo zikugwiranso pa 4 ndi 13? Chilembo cha n, choimira malo m'masamu, chiyambe chadikira. Mwana amene anganene m'Chichewa kuti "ndichulukitsa malo ndi 3 kenako ndiwonjezera 1" ali nayo kale mfundo yonse, 3n + 1 adzangoilemba nthawi yake ikakwana.

Kuti mudziwe ngati amvadi, tembenuzani funso. Ndili ndi timitengo 100, ndipanga mabokosi angati? Achotse 1, agawe 99 ndi 3, apeze 33. Kodi 200 ali pamndandandawu? Ayi, chifukwa 199 sagawika ndi 3. Woloweza pamtima amakakamira apa.

Zikakhazikika, bweretsani zitsekerero za mabotolo. Chimodzi, kenako muzungulize zitatu kumbali ziwiri kuti zikhale 4, muwonjezere zisanu zikhale 9, zisanu ndi ziwiri zikhale 16. Ana amadabwa kuona kuti 1 + 3 + 5 + 7 ndi 4 kuchulukitsa ndi 4. Tsiku lina mudzawasimbire za Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany, amene anabadwa mu 1777. Nkhani imati ali mwana anauzidwa kuwonkhetsa manambala onse kuyambira 1 mpaka 100, iye n'kuona kuti 1 ndi 100, 2 ndi 99, 3 ndi 98 zonse zikupereka 101, kokwana ka 50, choncho 5,050. Ana anu ayambe ndi 1 mpaka 10 asanamve mathero ake. Mndandanda wa Fibonacci, 1, 1, 2, 3, 5, 8, umene Leonardo wa ku Pisa (Fibonacci yemweyo) anaulemba mu 1202, ndi wabwino poonetsa kuti si mndandanda uliwonse umakwera ndi nambala imodzimodzi, koma usatenge sabata yonse.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi pochonga. Mukapereka 1, 2, 4 mukuyembekezera 8, mwana wina adzalemba 7. Musafulumire ndi cholembera chofiira, muitaneni afotokoze. Akati anawonjezera 1, kenako 2, tsopano 3, lamulo lake likugwirizana ndi manambala onse atatu amene munampatsa, ndipo wakhoza. Ngati mukufuna 8 yekha, perekani manambala ochulukirapo kapena mujambule chithunzi chosonyeza mmene mndandandawo ukukulira.