Funsani Amalume: Inshuwalansi ya Golf yanga yakale ikuposa mtengo wa galimoto

Amalume,

Ndine mnyamata wa zaka 22. Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndikukhala ku Coventry, kuno ku England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Laisensi ya kuno ndinaitenga chaka chatha. Mwezi wathawu ndagula galimoto imene ndakhala ndikuisirira kuyambira ndili mwana, Volkswagen Golf GTI yofiira ya 1990. Amene anali nayo kale anaitsitsa, anaika marimu ena ndi ekizozi yolira kwambiri. Pogona nkhani ndi pa inshuwalansi. Pa intaneti makampani ambiri akungondikana, ndipo ochepa amene avomera akutchula ndalama yoposa imene ndinagulira galimotoyo. Anzanga andipatsa nzeru zitatu: ndisatchule zimene zinasinthidwazo, kapena ndilembetse m'dzina la azakhali anga ine ndikhale dalaivala wachiwiri, kapena ndipite kwa mkulu wina wa pa WhatsApp amene amapezera anthu inshuwalansi pa theka la mtengo. Padakali pano galimotoyo yangoima pamsewu kutsogolo kwa nyumba. Ndichite chiyani?

Wokonda zakale, Coventry

Mphwanga,

Tisanafike pa mitengo, Golf imeneyo ichoke pamsewu sabata ino. Kuno galimoto yoima pamsewu wa aliyense iyenera kukhala ndi inshuwalansi ndi msonkho, ngakhale isakuyenda. Kuyambira 2011 boma limayerekeza kaundula wa DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto ndi malaisensi, ndi kaundula wa magalimoto a inshuwalansi, ndipo likaona kuti yako mulibe, limakutumizira kalata, kenako chindapusa cha £100. Ukapitiriza kunyalanyaza, galimoto ikhoza kumangidwa tayala kapena kunyamulidwa. Peza garaja kapena bwalo la m'bale, uikokere kumeneko ndi galimoto yonyamula zinzake, osaiyendetsa, ndipo uuze DVLA kuti siili pamsewu. Chimenechi amachitcha SORN, sichilipiritsidwa, ndipo umachita pa foni pomwepo.

Golf ya mtundu umenewo ndimaidziwa bwino. Ndagona pansi pa zambiri pa zaka zimene ndakhala makaniko kuno ku Midlands, ndipo ndikumvetsa chimene chinakukoka mtima. Koma nzeru zitatu za anzakozo usatengepo ngakhale imodzi.

Ndiyambe ndi mkulu wa pa WhatsApp uja, chifukwa ndi amene akumaliza ana athu. Kumudzi timawadziwa adobadoba, amene amakupeza pakhomo pa ofesi n'kunena kuti bweretsani ndikuthamangitsireni. Kuno amawatcha ghost broker, ndipo amasaka makamaka achinyamata ndi obwera. Ena amangopanga chikalata chabodza pa kompyuta. Ena amakugulira inshuwalansi yeniyeni koma akulemba kuti uli ndi zaka 45 ndipo umakhala kumudzi kutali ndi tauni. Ena amagula, n'kukutumizira chikalata, kenako n'kuithetsa mwakachetechete kuti abwezeredwe ndalama. Usiku wina wachisanu ndinaimbiridwa foni ndi mnyamata wa kutchalitchi kwathu. Ndinakamupeza ataima m'mbali mwa msewu atavala yunifolomu ya kuntchito, m'manja muli kontena ya nsima imene sanadye, akuyang'ana galimoto yake ikukwezedwa pa lole. Kamera ya m'galimoto ya apolisi inawerenga nambala yake n'kuonetsa kuti alibe inshuwalansi. Anawaonetsa chikalata pa foni, chokongola, cha chizindikiro cha kampani, koma chinali pepala chabe. Nambala ya foni ya mkulu amene anamugulitsa inshuwalansiyo inali itasiya kale kugwira. Mlandu woyendetsa wopanda inshuwalansi chindapusa chake ndi £300 ndi mapointi 6 pa laisensi, ndipo ukapita kukhothi chimatha kukwera. Tsono pali lamulo la 1995 lokhudza madalaivala atsopano: ukafikitsa mapointi 6 zaka ziwiri zisanathe chikhozereni mayeso, laisensi imalandidwa, umabwerera ku provisional, laisensi ya ophunzira, n'kukalembanso mayeso onse awiri. Iwe uli m'kati mwa zaka ziwiri zimenezo, ndipo ntchito yako ndi ya pamsewu. Mnyamata uja ntchito inathera pamenepo. Aliyense wokugulitsa inshuwalansi umufufuze kaye m'kaundula wa pa intaneti wa FCA, bungwe loyang'anira makampani a zandalama, ndipo ukagula, patatha masiku angapo uone pa intaneti ngati nambala ya galimoto yako ikuonekadi m'kaundula wa magalimoto a inshuwalansi uja.

Za azakhali, dzina lake kuno ndi fronting, ndipo ndi chinyengo pamaso pa lamulo. Ngozi ikachitika makampani amafufuza: galimoto imagona kuti, ndani anaigula, ndani amathira mafuta. Zikadziwika, wolowa m'madzi si iwe wekha, azakhali nawonso dzina lawo lada. Chololedwa n'chakuti iwe ukhale dalaivala wamkulu, iwo alembedwe ngati wachiwiri, ngatidi nthawi zina angaiyendetse. Kawirikawiri zimenezo zimatsitsako mtengo, ndipo palibe bodza.

Kubisa zosinthazo ndiye msampha umene anyamata ambiri amauona ngati waung'ono. Lamulo la 2012 la inshuwalansi ya anthu wamba limati ukanama dala poyankha mafunso, kampani ili ndi ufulu wothetsa mgwirizano ngati kuti sunakhalepo, kukana kulipira, ndiponso kusunga ndalama zimene unapereka. Munthu amene amatumidwa kudzaona galimoto yochita ngozi ndi katswiri. Akangogwada n'kusuzumira kuseri kwa tayala, masipuling'i otsitsira galimoto awaona. Ngati wavulaza munthu, kampani ikhoza kumulipira wovulalayo kenako n'kudzakulondola iwe kuti ubweze, ndipo ndalama za munthu wolumala pangozi sizithera pa malipiro a chaka chimodzi. Pamwamba pa apo, mafomu ambiri amafunsa ngati inshuwalansi yako inathetsedwapo, ndipo funso limenelo limakutsata zaka zambiri.

Tsono njira yake ndi iti? Choyamba, leka kuvutika ndi masamba a pa intaneti oyerekeza mitengo aja. Anapangidwira magalimoto wamba a masiku ano. Kompyuta ikaona zaka 22, GTI ndi zosintha zitatu, imangotseka chitseko kapena kutchula mtengo wokuthamangitsa. Tenga foni uyankhule ndi munthu. Alipo mabroka, makampani okupezera inshuwalansi, amene ntchito yawo ndi magalimoto akale ndi osinthidwa, monga Adrian Flux, Footman James ndi Lancaster Insurance, ndipo bungwe la mabroka la BIBA limathandiza kukulozera kwa amene angakulandire. Usakhumudwe ena akakukana, chifukwa inshuwalansi zambiri za classic, za magalimoto akale, zimayambira pa dalaivala wa zaka 25. Ena amalandira ocheperapo, makamaka amene ali mamembala a kalabu ya eni magalimoto a mtundu umenewo. Lowa kalabu ya Volkswagen usanaimbe. Ndalama yolowera ndi yochepa, ndipo kumeneko ndi kumene udzapezenso zipangizo ndi akuluakulu odziwa kampani imene ikulandira achinyamata chaka chino.

Usanaimbe, idziwe galimoto yako kuposa amene anakugulitsa. Tsegula boneti, upukute mafuta pa injini, uwerenge nambala yake n'kuiyerekeza ndi imene ili pa V5C, buluubuku ya kuno. Ndikunena izi chifukwa Golf zambiri za zaka zimenezo zinachotsedwa injini yake ya 1.8 n'kuikidwa zazikulu, ndipo wogula samauzidwa nthawi zonse. Ngati injini ndi ina, DVLA iyenera kudziwa, a inshuwalansinso chimodzimodzi. Lemba papepala chilichonse chimene sichinachoke nacho kufakitale: marimu ndi saizi yake, yatsitsidwa mamilimita angati, ekizozi, chiwongolero, mipando, wailesi, ngakhale tinti. Pa tinti samala, galasi lakutsogolo liyenera kulowetsa kuwala kosachepera 75 peresenti, a m'mbali akutsogolo 70.

Maganizo anga pa ekizozi ndi akuti ichoke. Kusintha ekizozi kuti izilira kuposa mmene inapangidwira n'kosaloledwa kuno, imakuitanira apolisi, ndipo kwa a inshuwalansi imakuonetsa ngati wothamanga. Zosintha zimene amaziopa kwambiri ndi zowonjezera mphamvu ndi liwiro. Marimu ndi kutsitsa pang'ono broka wodziwa ntchito sadabwa nazo. Golf GTI yokhala mmene inatulukira ndi imenenso ikufunidwa kwambiri ndi ogula, choncho ukaibwezera mwakale sunataye kanthu. Chimene ndingawonjezere ine ndi chitetezo. Magalimoto atsopano anayamba kukakamizidwa kukhala ndi immobiliser, kachipangizo koletsa injini kulira popanda kiyi wake, mu 1998, kutanthauza kuti yako ya 1990 wakuba amailiza mosavuta. Ikitsa yovomerezeka ndi Thatcham, bungwe loyesa zachitetezo cha magalimoto, usunge lisiti lake, ugulenso chitsulo chokhomera chiwongolero.

Pali chinthu m'kalata yako chimene mwina sunachione kulemera kwake: ntchito yako. Kuchoka kunyumba kupita kumalo amodzi a ntchito a inshuwalansi amakutcha commuting. Koma iwe umayenda khomo ndi khomo kwa okalamba, ndipo zimenezo zimafuna inshuwalansi ya business use, yoyendera pa ntchito. Anzathu ambiri a ntchito imeneyi akuyenda ndi inshuwalansi yosakwanira osadziwa. Inshuwalansi ya classic imatsika mtengo chifukwa amayembekezera kuti galimotoyo imatuluka mwa apo ndi apo: mumagwirizana mamailosi a pachaka, kaya 3,000 kaya 5,000, imagona m'garaja, ndipo nthawi zambiri amafuna kuti ukhale ndi galimoto ina ya tsiku ndi tsiku. Golf imeneyi siingakhale khasu lako lolimira. Ndiponso ukalowa nayo pakati pa Birmingham udzalipira £8 pa tsiku chifukwa cha utsi, ku London £12.50.

Ndikanakhala iwe ndikanagula kagalimoto ka injini ya 1.0, monga Toyota Aygo, Citroën C1 kapena Peugeot 107, zimene kwenikweni ndi galimoto imodzi yovala mayina atatu. Magalimoto a zaka zimenezo amaikidwa m'magulu a inshuwalansi kuyambira 1 mpaka 50, ndipo timeneti tili kumunsi kwenikweni. Kameneko ndiye kolembetsa business use, ndipo ndi kamene kazikusonkhanitsira No Claims Bonus, kuchotseredwa mtengo chifukwa chosapempha chipukuta misozi, chaka ndi chaka, pakuti inshuwalansi zambiri za classic sizipereka bonasi imeneyi. Ukalola kuikiridwa black box, kabokosi koona mmene ukuyendetsera, mtengo umatsikanso, koma funsa kaye za usiku. Makampani ena amakudula mamakisi ukamayenda usiku, pamene iwe uli ndi agogo oti ukawagoneke 10 koloko. Funsanso mtengo wa comprehensive, yoteteza ndi galimoto yako yomwe, usangothamangira third party, yolipira ena okha, poganiza kuti ndiye yotchipa, chifukwa kwa achinyamata nthawi zambiri zimakhala mosemphana. Ngati ungathe lipira chaka chonse kamodzi, popeza kulipira pamwezi ndi ngongole ya chiwongoladzanja. Ndipo excess, ndalama imene umayamba wapereka iwe ngozi ikachitika, usaikweze kufika poti sungaipeze.

Broka akakulandira pa Golf, pempha agreed value. Mumagwirizana mtengo wa galimoto lero, kuti ikabedwa kapena kupsa asadzakuwerengere ngati chiphakasa cha zaka zoposa 30. Ine ndili ndi Peugeot 504, yofanana ndi imene bambo anga ankayendera ku Zomba, ndipo nthawi yokonzanso mgwirizano ikafika ndimaitsuka, n'kuijambula kutsogolo, kumbuyo, mbali zonse, m'kati, injini ndi pa mamailosi, n'kutumiza pamodzi ndi malisiti a zonse zimene ndagula. Yamba lero kusunga malisiti mu envulopu imodzi.

Mwina ukawerengetsa upeza kuti magalimoto awiri thumba silikulola chaka chino. Walira mvula walira matope, mphwanga, galimoto yakale imadya. Zikatero Golf ikhale pa SORN, uigulire laid-up cover, inshuwalansi yotsika mtengo yoteteza ku moto ndi akuba pamene siikuyenda, uziikonza pang'onopang'ono Loweruka. Pofika zaka 25 udzakhala ndi zaka zitatu za bonasi pa kagalimoto kaja, laisensi yoyera ndi galimoto yabwino kuposa lero. Ukaimbira mabroka aja undilemberenso, undiuze zimene akuyankha.

Amalume,

Malemu amuna anga anandisiyira Mercedes-Benz 230E ya 1983. Ndamva kuti galimoto ikakwana zaka 40 siifunanso msonkho, MOT (kuyezetsa galimoto chaka ndi chaka) kapena inshuwalansi. Kodi ndi zoona? Mwana wanga wa zaka 20 akufuna aziiyendetsa.

Mayi wa ku Leicester

Mayi,

Pepani ndi imfa ya bambo. Zimene mwamvazo ndi zoona pa msonkho ndi MOT, koma pa inshuwalansi ayi. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu iyenera kukhala nayo, kaya ndi ya chaka chiti.

Msonkho sungochoka wokha. Muyenera kupempha kuti galimotoyo ilembedwe m'gulu la historic vehicle, ndipo chaka chilichonse mumailembetsabe ngakhale simulipira kanthu. MOT siikakamizidwa ngati galimoto yapitirira zaka 40 ndipo sinasinthidwe kwambiri, monga injini ya mtundu wina kapena chasisi, m'zaka 30 zapitazi. Komabe lamulo likufuna kuti ikhale yoyenera pamsewu, ndipo ine ndikupemphani kuti muzikaiyezetsabe chaka ndi chaka. Ngati yakhala nthawi yaitali osayenda, mapaipi a mabuleki ndi matayala zikhoza kukhala zitafooka ngakhale zikuoneka bwino.

Yambani mwasintha dzina pa V5C kuti likhale lanu, ndipo muwadziwitse a inshuwalansi ya bambo za imfayi, musaganize kuti ikugwirabe ntchito. Za mwanayo, auzeni mabroka zoona zake za amene aziiyendetsa kawirikawiri. Ngati ndi inu, iye n'kumaigwira pa Sabata popita kutchalitchi, funsani ngati angamulembe ngati dalaivala wachiwiri pa zaka 20, chifukwa ambiri a classic salola. Ngati ndi iye amene aziyendera tsiku ndi tsiku, inshuwalansi ikhale m'dzina lake, ndipo muyambe mwamva mtengo wake musanamupatse makiyi.