Za webusaiti yogawirana manotsi ija, aphunzitsi mverani

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sekondale kumtunda uko ku Namwera. Akuti iwo ndi anzawo atatu akufuna kupanga webusaiti yoti aphunzitsi aziikapo manotsi a Fomu 1 mpaka Fomu 4, ana azitenga ulere, code yake (malangizo olembedwa oyendetsa webusaitiyo) ikhale open source kuti aliyense azitha kuikonza, ndiye akufunsa kuti ayambire pati.

Aphunzitsi, musayambe ndi kulemba code. Zinthu zimenezi anthu anazipanga kale. Pulogalamu yoikapo maphunziro ya Moodle ilipo kuyambira 2002, yaulere, masukulu ambiri padziko amaigwiritsa ntchito, koma kwa ife kuno ine ndingakuuzeni Kolibri ya Learning Equality, chifukwa imagwira popanda intaneti. Mumaiika pa laputopu imodzi kapena pa ka Raspberry Pi, kakompyuta kolowa m'thumba la malaya, mulumikiza ka rauta, basi ana amalowa ndi mafoni awo pa Wi-Fi ya pasukulu osagula bandulo. Muonjezerepo Kiwix kuti Wikipedia ikhalemo. Kasola kakang'ono kokha, magetsi akazima zinthu zimayendabe.

Ndikunena izi chifukwa ndinagwapo. Ndinaikapo manotsi a Bayoloje pa intaneti, masikani a m'kope olemera ngati thumba la chimanga, mphwanga wa ku Malindi anayesa kutsitsa pa kafoni kake kosweka galasi, zinafika pakati bandulo ndi kutha, anangonditumizira uthenga kuti "achimwene, bola ndikakopere kwa mnzanga". Manotsi muzilemba ngati mawu, osati zithunzi, fayilo izikhala yopepuka yoti itha kuyenda ngakhale pa WhatsApp.

Koma ntchito yeniyeni ndi yosefa. Mukangotsegula kuti aliyense aziika, pakutha mwezi mudzapeza manotsi a silabasi yakale, ena okopera mayankho olakwika, ndipo mwana akalemba zimenezo pa MSCE adzaloza inu. Phunziro lililonse likhale ndi aphunzitsi awiri oti aziwerenga kaye asanavomereze, aziyang'ana ndi silabasi ya ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pamwamba pa fayilo pazilembedwa amene anaona komanso chaka. Aphunzitsi awiriwo ndi amene adzatope msanga, muwaganizire ngakhale ka mayunitsi.

Mabuku osindikizidwa musawasikane, ali ndi eni ake, lamulo la copyright la 2016 lilipo ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso, siigona. Manotsi anuanu muike laisensi ya Creative Commons, CC BY-SA, kuti wina akawakonza kapena kuwamasulira m'Chiyao (zimene kuno zingathandize ana ambiri, makamaka ku Makanjira uko) azitchula dzina lanu ndi kugawanso ulere. Code mukadzalemba yanu ikakhale pa GitHub, webusaiti yosungirapo ndi kugawirana code, koma zimenezo n'zam'tsogolo.

Teremu ino yambani ndi Masamu a Fomu 4 okha, sukulu imodzi, mundilembere kuti ana angati alowamo.