Za nyumba ya zisudzo ya Słowacki ku Kraków, kuyankha funso la achemwali

Achemwali, mwafunsa kuti chinyumba chooneka ngati chachifumu chimene mumachidutsa mukatsika sitima pa Kraków Główny n'chiyani, komanso ngati n'koyenera kugula tikiti munthu amene Chipolishi sanachizolowere. Ena akuuzani kale kuti ingojambulani chithunzi panja, ndalama musunge. Ine sindikugwirizana nawo, ndipo mundilole nditalikitseko pang'ono.

Nyumbayo ndi ya zisudzo, ndipo imadziwika ndi dzina la mlakatuli Juliusz Słowacki, limene inapatsidwa mu 1909. Pamene inkatsegulidwa pa 21 Okutobala 1893 inkangotchedwa nyumba ya zisudzo ya mzinda, chifukwa anaimanga ndi akhonsolo ya Kraków. Mapulani anajambula ndi Jan Zawiejski, ndipo amene anafikako ku Paris amaona msanga kuti anatengera nyumba ya opera ya kumeneko. Sinamangidwe mwamtendere. Pamalopo panali nyumba zakalekale za chipatala ndi za amonke a Mzimu Woyera, ndipo zinagwetsedwa. Jan Matejko, katswiri wojambula zithunzi za mbiri ya Poland, anakwiya mpaka kubweza ulemu umene mzinda unamupatsa. Anamwalira pa 1 Novembala 1893, patangopita masiku owerengeka zitseko zitatsegulidwa.

Koma chenicheni chili apa. M'chaka chimenecho dziko la Poland panalibe pa mapu. Kuyambira 1795 mpaka 1918 linali logawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria. Kraków inali m'manja mwa Austria, ndipo ulamuliro wa kumeneko unali wofewerapo: Chipolishi chinkaloledwa m'sukulu ndi m'khonsolo. Ku Warsaw, kumene kunkalamula mfumu ya Russia, masewero akuluakulu a alakatuli awo okamba za ufulu sakanaonetsedwa n'komwe. Choncho anthu opanda boma lawo, opanda asilikali awo, anapeza nsanja pamene ankatha kulankhula za mtundu wawo mokweza. Mukayang'ana kutsogolo kwa nyumbayo muona mawu osemedwa onena kuti Kraków yaipereka ku luso la fuko. Sanalembe zimenezo pofuna kukongoletsa khoma.

Zaka makumi awiri zoyambirira ndizo zinaika nyumbayi pamwamba. Anaitsogolera motsatizana Tadeusz Pawlikowski, Józef Kotarbiński ndi Ludwik Solski, ndipo pa nthawi yomweyo mumzindamo munali mnyamata wina wodwaladwala, wojambula komanso mlembi, Stanisław Wyspiański. Mu 1898 sewero lake la Warszawianka linaonetsedwa pano, ndipo Solski anasewera msilikali wokalamba amene amalowa, kupereka uthenga wochokera kunkhondo, n'kutuluka osayankhula liwu ngakhale limodzi. Mpaka lero ophunzira zisudzo ku Poland amauzidwa za kulowa kumeneko.

Ndiye pa 16 Marichi 1901 panabwera Wesele (kutanthauza Ukwati), sewero linanso la Wyspiański. Ngati pali sewero limene ndingakupempheni kuti muwerenge nkhani yake musanapite, ndi limeneli. Linachokera pa ukwati weniweni: mu Novembala 1900 mlakatuli Lucjan Rydel, munthu wa m'tauni wophunzira, anakwatira mtsikana wa m'mudzi wa Bronowice, kunja kwa Kraków. Wyspiański anali nawo pa phwandolo, akuonerera anthu a masuti ndi alimi akuvinira limodzi koma osamvana. M'seweromo, usiku uli mkati, mizimu ya anthu a m'mbiri ikuyendera alendo mmodzimmodzi, aliyense n'kumuonetsa mantha ake ndi ulesi wake. Mwininyumba akupatsidwa lipenga lagolide loti aitanire mtundu wonse kuti udzuke. Iye akulipereka kwa mnyamata wina, ndipo mnyamatayo akulitaya panjira powerama kuti atole chipewa chake cha nthenga. Kukucha anthu atasonkhana ndi zida, lipenga palibe, ndipo onse akuvina mozungulira ngati ogona. Taganizirani kuti ena mwa anthu amene ankanenedwa m'seweromo anali m'mipando usiku umenewo, akudzizindikira okha. Chimene chimandikhudza n'chakuti mlembi sanaloze chala kwa adani akunja. Analoza abale ake, pa nsanja imene iwo omwe anamanga ndi ndalama zawo, ndipo iwo anabweranso kudzaonera.

Chaka chomwecho Wyspiański anakonza Dziady, sewero la ndakatulo la mlakatuli Adam Mickiewicz, kuti ionetsedwe pa nsanja imeneyi. Sungani dzinalo, tibwererako.

Zina n'zongodutsa. Kanema woyamba kuonetsedwa ku Kraków anaonetsedwa muno, pa 14 Novembala 1896, ndi makina a abale a Lumière. Nyumbayi inali ndi magetsi akeake, ndipo kanyumba ka injini kaja kali kuseri ndi kamene pambuyo pake kanasanduka nsanja yaing'ono yotchedwa Miniatura. Pa nkhondo yachiwiri Ajeremani anailanda n'kuisandutsa yawo, ndipo zisudzo za Chipolishi zinabwerera mu Febuluwale 1945, nkhondo isanathe n'komwe kwina.

Akatolika a pagulu pano, iyi ikukhudzani. Karol Wojtyła, amene anadzakhala Papa John Paul II ndipo anatiyendera ku Malawi mu 1989, ankachita zisudzo mobisa ku Kraków nthawi ya nkhondo, komanso ankalemba masewero. Limodzi mwa iwo, lonena za Adam Chmielowski, wojambula amene anasiya luso lake kuti akatumikire osauka a mumzindamo, linaonetsedwa koyamba m'nyumba yomweyi mu Disembala 1980, iye ali kale pa mpando wa upapa, dziko lili pansi pa chikomyunizimu.

Tsopano Dziady ija. Mu 1968 boma la chikomyunizimu litaletsa seweroli ku Warsaw, ophunzira a ku yunivesite anatuluka m'misewu. Wina angaganize kuti zimenezo zinatha ndi ulamuliro umenewo. Ayi. Mu Novembala 2021 nyumba ya Słowacki inaonetsa Dziady yokonzedwa ndi Maja Kleczewska. Mbali ya Konrad, mlakatuli wotsutsana ndi Mulungu chifukwa cha mavuto a mtundu wake, anapatsa mayi, Dominika Bednarczyk, ndipo andale ndi akuluakulu a mpingo a m'seweromo ankafanana kwambiri ndi a masiku ano. Mkulu woyang'anira maphunziro m'chigawo cha Małopolska, mmene muli Kraków, analangiza sukulu kuti zisapititseko ana. Zotsatira zake matikiti anatha. Akuluakulu a chigawo, amene ndiwo ankapereka ndalama zoyendetsera nyumbayi, anayamba kukonza zochotsa mtsogoleri wake, Krzysztof Głuchowski, koma ochita zisudzo ndi anthu ambiri a mumzinda anamuikira kumbuyo. Munthu akhoza kusagwirizana ndi mmene seweroli linakonzedwera, ndipo ena okhulupirira linawapweteka moona. Komabe ine ndimalemekeza mzinda umene ndakatulo yolembedwa zaka pafupifupi 200 zapitazo imatha kuukanganitsa chonchi.

Za chiyankhulo, musadandaule kwambiri. Pogula tikiti funsani masiku amene amaonetsa mawu a Chingerezi pamwamba pa nsanja, ndipo werenganitu chidule cha nkhaniyo. Zisudzo za ku Poland zimadalira kwambiri thupi, nyimbo ndi kuwala, choncho zambiri mudzazimva ndi maso. Ngati ndinu wophunzira tengani chiphaso chanu, mitengo imatsikako. M'nyengo yozizira jekete lalikulu amasiya pa malo osungira zovala pakhomo, salowa nalo m'holo.

Mufike msanga kuti muone m'katimo anthu asanadzaze. Muli chinsalu chotchinga nsanja chimene anajambula Henryk Siemiradzki mu 1894. Sachipinda, amachikweza chathunthu kuti utoto usasweke, ndipo sachitsitsa tsiku lililonse. Ngati mungapeze ulendo woyendera nyumbayi masana, pemphani kuti akuonetseninso chipinda chovalira cha Solski, chimene makoma ake anadzaza ndi zojambula ndi masiginecha a anzake. Mukapita mudzatiuze pagulu pano sewero limene mwaona, ndipo ngati ndi Wesele, mudzatiuzenso mmene anachitira gule womaliza uja, chifukwa wokonza aliyense amamuchita mwa njira yake.