Target ya yureniyamu ikamakanganuka, musathamangire kusintha makina

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Anapanga target (kachinthu kamene timakaomba ndi tizidutswa ta maatomu pofufuza) yopyapyala ya chitsulo cha yureniyamu pa kaboni, koma patangotha sabata yada n'kuyamba kukanganuka, beam, mtsinje wa tizidutswato wochokera m'makina otithamangitsa (accelerator), isanaigunde n'komwe. Akufunsa ngati asinthe njira.

Funsoli landikhudza, chifukwa target anthu amaiganizira pomaliza. Miyezi imathera pa ma detector, koma kanthu kamene kakupereka zotsatira zonse amakapatsa masiku awiri. Taonani kuchepa kwake: yureniyamu imalemera magalamu 19 pa cm³, ndiye target ya 100 µg/cm² kukhuthala kwake ndi ma nanomita 52 okha. Ikakumana ndi mpweya wachinyezi, okosijeni amailowa mbali zonse. Oxide, dzimbiri limene limapangika pamenepo, imatenga malo ambiri kuposa chitsulo, choncho imafufuma, imakoka kaboni uja mpaka kung'aluka.

Ndinene mosabisa: ambiri chitsulo chenichenicho sachifunikira. Amangochikonda poti chikumveka choyera. Ngati fluorine sakusokonezani pa zomwe mukuyeza, tengani UF4, mchere wobiriwira wa yureniyamu ndi fluorine. Mukautenthetsa mu vacuum (malo ochotsedwa mpweya) m'kambiya ka tantalum umauluka bwino, umakagwa mosalala, ndipo mpweya suuwononga msanga. Ku labotale ya JRC, bungwe lofufuza la European Commission, ku Geel, ku Belgium, akhala akupanga ma target otere kwa zaka zambiri. Kuipa kwake, wambiri umamatirira m'makoma a chamber, komanso 24% ya kulemera kwake ndi fluorine. Oiwala zimenezi amawerengetsa maatomu olakwika.

Isotope, mtundu wa yureniyamu umene mukufuna, ikakhala yochepa kwambiri, njira ndi molecular plating, yomatira yureniyamu pa foil ndi magetsi, ya Parker ndi Falk ya 1962. Uranyl nitrate, mchere wina wa yureniyamu, mumaisungunula m'kadontho ka nitric acid wofooka n'kusakaniza ndi isopropanol. Foil ya titanium ndiye cathode (mbali ya negative), waya wa platinum ndiye anode (mbali ya positive), mavoti mazana angapo, current osapyola 1 mA/cm². Zikayenda bwino, yureniyamu yoposa 90% imakakhala pa foil. Koma muikepo microscope: mudzaona ming'alu ngati matope a m'dambo mu Okutobala, ndipo mukamawonjezera kukhuthala ming'aluyo imakula mpaka zibenthu kumagwa. Madzi akachuluka mu isopropanol, thovu la hydrogen limasiya timabowo. Foil yosatsuka mafuta, ngakhale chidindo cha chala chokha, siigwira kanthu.

Kuyeza kukhuthala

Apa ndi pomwe ndimakwiya nazo. Kukhuthala timakuyeza powerenga ma alpha, tizidutswa totuluka maatomu a yureniyamu akamawola. Miligalamu imodzi ya isotope ya U-238 imapereka pafupifupi 12.4 Bq, ndiye kuti maatomu 12.4 owola pa sekondi. Yureniyamu yachilengedwe imapereka pafupifupi kawiri, chifukwa cha U-234 yomwe ili yochepetsetsa koma imawola msanga. Mukangowerenga ma alpha onse osasiyanitsa a mphamvu ya 4.2 MeV a U-238 ndi a 4.8 MeV a U-234, target yanu mudzaiyesa yokhuthala kawiri. Yezaninso malo angapo, osati pakati pokha.

Tsono inu amene mwafunsa: ngati chitsulo n'chofunikadi, njira musasinthe, tsekani mpweya. Ku labotale ya GSI ku Darmstadt, m'Germany, amachita sputtering (kuomba chitsulo ndi ma ion kuti maatomu ake akagwe pa target) n'kuika yureniyamu pakati pa kaboni wapansi ndi wapamwamba, wapansi wa 40 µg/cm² kapena kuyandikira apo, wapamwamba wa 10 µg/cm² wongophimba. Kaboni wapamwambayo aikidwe vacuum isanatsegulidwe. Sungani mu argon kapena mu vacuum, ndipo zibenthu zakuda zija musaziuzire: fumbi la yureniyamu limayaka lokha ndipo n'loopsa m'mapapo, choncho itanani woyang'anira za radiation pa labotale yanu adzazichotse.