Tifunseni: Kodi mateche a m'mafilimu aja ali ndi mayina?

FUNSO: Akulu, ine mafilimu a karate ndinayamba kuwakonda kalekale, ku vidiyo sho ndinkakhala benchi yakutsogolo. Nde takhala tikukangana ndi anzanga, ena akuti theche lililonse ndi kaimidwe kaja amaima asanayambe ndewu zili ndi mayina ake enieni, ena akuti amangopeka ma DJ otanthauzira mafilimu aja. Zoona ndi ziti? Ndine wowerenga wanu wa ku Ndirande.

YANKHO: Achimwene, mayina alipo ndithu, vuto ndi loti kwathu kuno aliyense woponya mwendo timangoti wakarate, chonsecho karate ndi ya ku Okinawa ku Japan, kung fu ndi ya ku China, taekwondo ya ku Korea, nde theche limodzi lomwelo limapezeka lili ndi mayina atatu.

Tiyambe ndi a karate poti mayina awo savuta. Theche loponya kutsogolo ndi mae geri, lam'mbali ndi yoko geri, loponya kumbuyo utapereka msana ndi ushiro geri. Lija mwendo umachokera m'mbali chiuno chikutembenuka mpaka phazi kukafika pakhutu la munthu, limene Chuck Norris anatchuka nalo, ndi mawashi geri, a taekwondo amati dollyo chagi. Palibe zamatsenga pamayinawa, akungonena kumene mwendo ukupita basi.

Kaimidwe nde nkhani yeniyeni, ngakhale ana akamatsanzira panja amathamangira zodumpha. Kaja munthu amatangadza miyendo, mawondo atapinda, msana chilili ngati wakwera hatchi, a Japan amati kiba dachi, a China amati ma bu. Ndi kamene m'mafilimu achitchaina mphunzitsi amalanga nako wophunzira wamwano atamuika makapu a madzi pantchafu, ife n'kumaseka, koma tayesani mphindi ziwiri zokha muone mmene miyendo ikunjenjemerera, ntchito yake ndi kulimbitsa ntchafu ndi chiuno poti theche lamphamvu limachokera kumeneko osati kuphazi. Palinso zenkutsu dachi, bondo lakutsogolo lopinda mwendo wakumbuyo wowongoka, komanso neko ashi dachi, kaimidwe ka mphaka, thupi pafupifupi lonse limatsamira mwendo wakumbuyo ndipo wakutsogolo umangogunda pansi pang'ono chidendene chili m'mwamba kuti uthe kuponyedwa msanga.

Za nyama zija nazonso si zopeka. Masitayilo a njoka, kambuku, nyani ndi chiswamphika alipo mu kung fu, ngakhale ya woledzera imene Jackie Chan anasewera mu Drunken Master mu 1978 ilipo, dzina lake zui quan, kungoti munthu samwa kachasu ayi, amangotsanzira kudzandira.

Komatu anzanu enawo sanalakwiretu. Theche lija la mu The Karate Kid ya 1984, mnyamata ataima mwendo umodzi manja ali m'mwamba, analikonzera filimuyo, ndipo ine ndimaona kuti woima choncho pandewu yeniyeni angamugwetse asanadumphe n'komwe. Lina ndi theche lopanda chithunzithunzi la Wong Fei-hung, ameneyu anali munthu weniweni, sing'anga komanso katswiri wa sitayilo ya kung fu yotchedwa Hung Gar ku Guangdong ku China, ndipo thechelo linatchuka chifukwa chachangu, koma zija Jet Li posewera ngati Wong Fei-hung amauluka m'malere akupalasa miyendo pachifuwa cha mdani ndi mawaya amene amamumangirira m'chiuno kamera isakuwaonetsa.

Bruce Lee mwini wake anayambira kung fu ya Wing Chun kwa mphunzitsi wake Ip Man ku Hong Kong, ndipo mu sitayilo imeneyi mateche ambiri sapitirira m'chiuno, amalunjika bondo ndi msongolo. Am'mwamba aja ankawachulutsa chifukwa pakanema amaoneka bwino. Koma mayina amene ma DJ athu amatchula filimu ili mkati, amenewo nde musakawatchule kukalasi ya karate, akakusekani.